Kodi pali mankhwala osungira manachesi ndi malalanje omwe saopseza moyo wa odya?

Funso

Ndine mayi wa ku Mwanza, mlembi wa gulu la alimi a manachesi ndi malalanje. Chaka chilichonse zipatso zikachuluka mtengo umagwa, ndipo tikati tisunge kuti tidzagulitse mtengo ukakwerako, zimachita chuku chobiriwira pasanathe milungu iwiri. Mnzathu wina amene anagwirapo ntchito m'minda ya malalanje ku South Africa akuti kumeneko amaviika zipatso m'mankhwala otchedwa imazalil, koma ena akuti mankhwalawo amayambitsa khansa. Kodi alipo mankhwala ena otetezeka amene tingagwiritse ntchito?

Yankho

Mayi, mankhwala otetezeka amene mukufunsawo alipo, ndipo amodzi mwa iwo ndi soda yemweyu amene mumathira m'therere. Komabe ndiyenera kunena poyambirira pomwe kuti pa mankhwala ofatsawa palibe amene mphamvu yake ingafanane ndi ya imazalil. Akatswiri a ku California, ku Spain, ku Israel ndi ku South Africa akhala akufunafuna cholowa m'malo mwake kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo chimene apeza ndi njira zingapo zofookerapo zimene zimathandiza pokhapokha zikaphatikizidwa. Kwa inu amene msika wanu uli pa Zalewa, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Tete, ine ndimaona kuti njira zimenezi n'zokwanira, chifukwa chipatso chanu chikufunika chitetezo cha milungu iwiri kapena itatu. Imazalil amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa lalanje limene lidzatha pafupifupi milungu itatu lili panyanja, kenako n'kukhalanso milungu ina m'nyumba zozizira za ku Rotterdam kapena ku London lisanafike m'manja mwa wodya.

Kuti mumvetse chifukwa chake soda amathandiza, muyenera kudziwa kaye chimene chikuoletsa zipatso zanu. Chuku chobiriwira chimene mwatchulacho dzina lake la sayansi ndi Penicillium digitatum, ndipo ndicho chimaononga zipatso za mtundu wa malalanje kuposa matenda ena onse a pambuyo pa kukolola. Chimayamba ngati kamalo kofewa ndi konyowa kamene mtundu wake susiyana kwenikweni ndi khungu lonse. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri pamamera ubweya woyera, kenako pakati pake pamabiriwira m'mphepete mukadali moyera, ndipo mukangochinyamula chipatsocho pamauluka fumbi. Fumbi limenelo ndi mbewu ya chukucho, ndipo chipatso chimodzi choola chimatulutsa mbewu mamiliyoni osawerengeka zimene zimamatirira kumadengu, kumatumba, kumakoma a nyumba yosungiramo ndi kumanja kwa osankha. Mbale wake ndi Penicillium italicum, chuku chabuluu, chimene chimapirira kuzizira ndipo chimadumphira ku chipatso choyandikana nacho, n'chifukwa chake mumapeza zipatso zingapo zitaolera pamodzi pakona imodzi ya kireti. Palinso kuola kwachitatu koyamba ndi Geotrichum citri-aurantii, kachilombo kokhala m'dothi, kumene chipatso chimangosungunuka n'kumachucha madzi onunkha mowawasa omwe amaitana tintchentche ting'onoting'ono. Kuola kumeneku mukukumbukire, chifukwa imazalil sakuletsa n'komwe.

Tizilombo tonse titatu tili ndi kufooka kumodzi kumene nkhani yonse ya mankhwala yagonapo: sititha kuboola khungu labwinobwino. Timalowera pabala, ngakhale bala laling'ono losaoneka ndi maso, lobwera ndi chikhadabo cha wothyola, minga ya mtengo, mchenga wa pansi pa dengu, msomali wa kireti, kapena ntchentche ya zipatso imene inabaya kuti iikire mazira. Pa manachesi bala lodziwika kwambiri limachitika pothyola mokoka, pamene khungu limang'ambika n'kutsalira kunthambi ndipo chipatso chimatsika chili ndi kadzenje pamwamba. Mafuta onunkhira otuluka m'khungu lovulazidwa ndi amene amadzutsa mbewu ya chuku kuti imere. Kukatentha madigiri 25 kapena pafupi pamenepo, chuku chimakhala chitazika mizu mkati mwa bala pasanathe tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chikalowa mozama palibe mankhwala amene angachifikire. N'chifukwa chake m'nyumba zolongedzera zipatso lamulo lake ndi lakuti chipatso chiviikidwe pasanathe maola 24 chithyoledwere. Mankhwala ofatsa amafuna kuti lamuloli litsatidwe mosaphonya kuposa mmene mankhwala amphamvu amafunira.

Ntchito yosaka mankhwala osungira malalanje ili ndi zaka pafupifupi 100, ndipo chodabwitsa n'chakuti inayambira pa michere yofatsa imene lero akatswiri abwereranso. M'zaka za m'ma 1920 olongedza zipatso ku California ndi ku Florida ankatsuka malalanje m'madzi a borax, mchere wokhala ndi boron, moti mkangano wa umwini wa njirayi unafika mpaka kubwalo lalikulu la milandu la dziko la America, limene mu 1931 linagamula mlandu wa pakati pa American Fruit Growers ndi kampani ya Brogdex. Mu 1928 wofufuza wina dzina lake W. R. Barger anaonetsa kuti sodium bicarbonate, yemwe ndi soda wophikira uja, amachepetsa chuku pa malalanje. Borax anadzasiyidwa m'madera ambiri, mwa zina chifukwa madzi ake otayidwa amaononga nthaka, ndipo mitengo ya malalanje imene imadana kwambiri ndi boron wochuluka. Kenako kunabwera ortho-phenylphenol, ndiponso diphenyl amene ankamupaka m'mapepala okulungira zipatso. M'zaka za m'ma 1960 kunafika thiabendazole wa kampani ya Merck, yemwe poyamba anali mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo m'zaka za m'ma 1970 kunafika imazalil wa kampani ya Janssen ya ku Belgium. Awiri omalizawa anagwira ntchito bwino kwambiri moti michere ija inangotsala m'malo ochepa, makamaka m'mathanki otsukira mandimu ku California.

Tsopano za khansa. Amene anakuuzani sanapeke nkhaniyo, koma ndi bwino kuimva yonse. Mu 1999 bungwe loona za chilengedwe ku America, Environmental Protection Agency, linaika imazalil m'gulu la mankhwala amene akhoza kuyambitsa khansa, potengera zotupa za m'chiwindi ndi m'chithokomiro zimene zinapezeka mwa mbewa ndi makoswe omwe anadyetsedwa mankhwalawa ochuluka kwa nthawi yaitali. Bungwe lomwelo linaonanso kuti mlingo umene umatsalira pa chipatso choviikidwa mwa dongosolo ndi wochepa moti silinawaletse. Mayiko a mu European Union amalola zotsalira za imazalil zosapitirira mamiligalamu 4 kapena 5 pa kilogalamu ya chipatso, malingana ndi mtundu wake, ndipo America imalola 10. Zotsalirazi pafupifupi zonse zimakhala m'khungu, ndipo zimene zimalowa m'kati modyedwamo n'zochepa kwambiri. Choncho munthu amene wasenda lalanje la m'sitolo n'kudya sali pa chiopsezo chachikulu. Amene ali pa chiopsezo ndi wosungunula mankhwalawo ndi manja opanda magolovesi, woyeza ndi maso m'malo mwa sikelo, mwana amene amayamba kusenda nachesi ndi mano, ndi mayi amene amathira khungu la ndimu mu keke kapena mu tiyi. Ziwerengero za chitetezo zija zimachokera m'nyumba zolongedzera zimene zimayeza mphamvu ya madzi oviikira tsiku ndi tsiku ndi kutumiza zipatso ku labotale. Mankhwala omwewo akasungunulidwa m'beseni pakhonde, palibe amene angakutsimikizireni kuti pachipatso patsala wochuluka bwanji, ndipo ichi ndicho chifukwa changa chachikulu chokuuzani kuti imazalil musamufune.

Mayiko ogula nawonso akhala akukankha kuti mankhwalawa achepe. Ku Japan mankhwala othira zipatso zitakololedwa amawerengedwa ngati zoonjezera m'chakudya, ndipo mu 1975 zipatso zochokera ku America zinatayidwa zitapezeka ndi ortho-phenylphenol yemwe panthawiyo anali wosaloledwa kumeneko. Anadzaloledwa mu 1977 mayiko awiriwa atakangana kwambiri. Ku European Union lamulo limafuna kuti pa bokosi kapena pa kathumba ka malalanje palembedwe mankhwala amene anathiridwa, ndipo dziko la Spain litatsutsa lamuloli, bwalo la milandu la mgwirizanowu linagamula mu 2016 kuti likhalebe. Mu 2018 mgwirizano womwewo unakana kupitiriza chilolezo cha propiconazole poona kuti akhoza kuononga mwana wosabadwa, ndipo guazatine nayenso sakuloledwa. Awiriwa ndiwo anali kuthandiza pa kuola kowawasa kuja, motero alimi otumiza zipatso ku Ulaya anatsala m'manja muli lende. Chifukwa china chosakira njira zatsopano chinachokera ku chuku chenicheni: m'nyumba zimene zagwiritsa ntchito thiabendazole ndi imazalil chaka ndi chaka mwapezeka mitundu ya Penicillium digitatum yosamvanso mankhwalawo.

Apa m'pamene michere ya m'zakudya inabwerera. Ofufuza awiri amene dzina lawo limamveka kwambiri pa ntchitoyi ndi Joseph Smilanick, yemwe ankagwira ntchito ku dipatimenti ya zaulimi ya America ku California, ndi Lluís Palou wa ku bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IVIA ku Valencia, ku Spain. Iwo ndi anzawo anayesa michere yambiri yololedwa kale m'chakudya, ndipo imene inatsala pamwamba ndi sodium carbonate (soda waukali kuposa wophikira), sodium bicarbonate, potassium sorbate ndi sodium benzoate. Kagwiridwe ka soda n'kosavuta kukamvetsa. Chuku chobiriwira chimakonda malo owawasa, ndipo chikalowa m'bala chimatulutsa asidi wake kuti zinthu zake zosungunulira khungu zigwire bwino ntchito. Soda akalowa m'bala lomwelo amachotsa kuwawasako, ndipo chuku chimalephera kumera bwino pamene chipatso chikupoletsa balalo chokha. Poyesa malalanje obayidwa dala ndi kuikidwa chuku, kuviika kwa mphindi ziwiri ndi theka m'madzi a sodium carbonate wa 3 peresenti otentha madigiri 45 kunachepetsa chuku chabuluu ndi 90 peresenti kapena kuposa, pamene sodium bicarbonate wa pakati pa 2 ndi 4 peresenti m'madzi osatenthetsa anachepetsa ndi kupitirira theka.

Pali mfundo ziwiri zimene ogulitsa uthenga wa soda nthawi zambiri amazidumpha, ndipo zonse zikukhudza inu. Yoyamba ndi yakuti pa manachesi zotsatira zake sizikoma ngati pa malalanje: pa mtundu wa Clementine ku Spain chuku chinatsika ndi pakati pa 40 ndi 60 peresenti basi poviika mu soda wophikira wa m'madzi osatenthetsa. Khungu la nachesi n'lopyapyala ndi losalimba, ndipo chipatsocho chimakalamba msanga. Yachiwiri ndi yakuti soda sapha chuku, amangochiimitsa kwa kanthawi. Mphamvu yake imaoneka bwino sabata yoyamba ndi yachiwiri, kenako imanka nizirala, ndipo sateteza mabala atsopano amene angabwere pa ulendo wa pa lole. Salepheretsanso chipatso chimene chaola kale kutulutsa fumbi lake, ntchito imene imazalil amaigwira bwino kwambiri. Choncho mukamva wina akunena kuti soda asunga manachesi miyezi itatu, mudziwe kuti akuwonjeza.

Kachitidwe kake pa gulu ngati lanu kangakhale motere. Soda amene mukufuna ndi wophikira uja, wolembedwa kuti bicarbonate of soda pa paketi. Musamusokoneze ndi caustic soda wopangira sopo, amene amaotcha khungu la chipatso ndi la munthu yemwe. Chidulo nachonso ndi cha m'banja lomweli, koma sindikuchilimbikitsa pano, chifukwa mphamvu yake imasintha malingana ndi phulusa ndipo simungaiyeze. Mu ndowa ya malita 20 sungunulani magalamu 400 mpaka 600, oyezedwa pa sikelo. Madzi akhale ofunda, madigiri 40 mpaka 45, ndipo pa ichi gulani kachipangizo koyezera kutentha m'malo modalira chala, popeza madzi opitirira madigiri 53 amayamba kupsereza khungu ndipo nachesi amapsa msanga kuposa lalanje. Ikani zipatso m'dengu lodontha kapena m'kireti ya pulasitiki, mizani zonse kwa mphindi ziwiri, vuulani, ndipo muziyanike pamthunzi podutsa mphepo mpaka ziume gwa musanaziunjike. Zikauma mudzaona kaufa koyera pakhungu. Kaufako ndi kamene kakugwira ntchito m'mabala, motero ngati kakukuonongerani maonekedwe a malonda, tsukuluzani pang'ono chabe ndi madzi oyera kapena pukutani tsiku logulitsa. Kutsuka mwamphamvu kumachepetsa chitetezo, pamene kusiya soda wochuluka pakhungu kwa nthawi yaitali kumachititsa chipatso kufota msanga, makamaka mukagwiritsa ntchito sodium carbonate yemwe ndi waukali kuposa wophikira. Madzi otsala musawathire pansi pa mitengo kapena m'dimba, chifukwa sodium amaumitsa nthaka.

Madzi oviikirawo ali ndi ngozi yawo imene ambiri saiganizira. Popeza soda sapha mbewu ya chuku, kireti iliyonse imene mwamiza imasiya fumbi lake m'ndowa, ndipo pofika kireti ya khumi mukhoza kukhala mukusamba zipatso zabwino m'madzi odzaza matenda. Pamenepa m'pofunika klorini. Ntchito yake ndi kupha tizilombo toyandama m'madzi ndi tokhala pamakireti, pamatebulo ndi pansi. Sachiza bala limene chuku chalowa kale, chifukwa amatha mphamvu akangokhudza mnofu wa chipatso kapena dothi. Mlingo wozolowereka m'nyumba zolongedzera ndi mamiligalamu 100 mpaka 200 pa lita, zimene zikutanthauza pafupifupi mamililita 85 a bulichi wamba wa 3.5 peresenti, wopanda zonunkhiritsa, mu ndowa ya malita 20. Klorini amagwirizana ndi soda wophikira m'madzi amodzi, ndipo ku California amawaphatikiza motero, koma musamusakanize ndi viniga kapena asidi aliyense chifukwa pamatuluka mpweya wakupha. Njira yosavuta ndi kukhala ndi ndowa ziwiri, yoyamba ya klorini yochotsera dothi, yachiwiri ya soda, ndi kusintha madzi akangoyamba kuda. Chipatso choola kapena chotoledwa pansi chisalowe n'komwe mu ndowa iliyonse. Makampani akuluakulu ambiri tsopano amakonda peracetic acid m'malo mwa klorini, popeza amasweka n'kusanduka asidi wa viniga, madzi ndi mpweya wa okosijeni, koma wosasungunula ndi waukali kwambiri.

Potassium sorbate, amene amathiridwa m'zakumwa ndi m'majarini ndipo pa mapaketi amalembedwa E202, ndi mchere wachiwiri woyenera kuuganizira ngati mungaupeze kwa ogulitsa zipangizo zophikira buledi kapena zopangira juwisi. Amagwiritsidwa ntchito pa mlingo wa 2 kapena 3 peresenti, amachita bwino kwambiri m'madzi ofunda, amathandizako pa kuola kowawasa, ndipo madzi ake otayidwa savuta nthaka ngati a sodium. Vuto lake ndi mtengo, ndiponso kuti akalowa m'phula lopaka zipatso nthawi zina amachititsa kuti chipatso chitaye madzi msanga. M'nyumba zolongedzera za kunja phindu lalikulu la michere yonseyi lakhala lakuti ikaphatikizidwa ndi imazalil kapena thiabendazole, makamaka m'madzi ofunda, mlingo wa mankhwala amphamvuwo umatha kutsitsidwa chitetezo osachepa, ndipo ngakhale chuku chosamva mankhwala chija chimagonjako. Kumeneko n'kumene kafukufuku wafika kwenikweni pa zipatso za ulendo wautali: kuchepetsa imazalil, osati kumuchotseratu.

Kutentha pakokha ndi mankhwala. Kumiza malalanje m'madzi a madigiri 52 kapena 53 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kumachepetsa chuku, ndipo ku Volcani Center ku Israel anapanga makina otsuka zipatso ndi maburashi pansi pa madzi otentha kuposa pamenepo kwa masekondi pafupifupi 20. Kutenthako kumafooketsa mbewu ya chuku, kumasungunula phula lachilengedwe la pakhungu kuti litseke timing'alu, ndiponso kumadzutsa chipatso kuti chipange mankhwala ake odzitetezera. Vuto ndi lakuti mpata wa pakati pa kutentha kothandiza ndi kutentha koononga ndi madigiri ochepa chabe, ndipo pamoto wa nkhuni n'kovuta kuusunga. N'chifukwa chake ndakulangizani madzi ofunda okhala ndi soda, omwe amakhululuka mukaphonya pang'ono.

Za mankhwala atsopano ndinena mwachidule. M'zaka za m'ma 2000 America inavomereza pyrimethanil, fludioxonil ndi azoxystrobin ngati mankhwala a chiopsezo chochepa, ndipo awiri omalizawo anapangidwa potsanzira zinthu zachilengedwe, wina za bakiteriya, wina za bowa. Ndi abwinopo ndithu, koma akadali mankhwala ofunika kuyeza mosamala, ndipo chuku chikhoza kuwazoloweranso. Natamycin, amene kwa zaka zambiri wakhala akupakidwa pa tchizi, amachokera ku bakiteriya wotchedwa Streptomyces natalensis yemwe anapezeka m'dothi la ku Natal, ku South Africa, mu 1955, ndipo tsopano ndi wololedwa pa malalanje ku America, kawirikawiri mophatikiza ndi mankhwala ena. Palinso yisiti ndi mabakiteriya abwino amene amathamangira kukhala m'bala chuku chisanafike, monga Pseudomonas syringae wa m'mankhwala a Bio-Save, koma amateteza chabe ndipo sachiza bala limene lagwidwa kale. Pa mafuta a zomera, monga a thyme, a cinnamon ndi a clove, ndikuchenjezeni kuti nkhani zake zimakoma kwambiri m'mbale za mu labotale kuposa pa chipatso chenicheni. Mlingo wokwanira kupha chuku nthawi zambiri umaotcha khungu kapena kusiya fungo, ndipo kukhala wochokera ku chomera si umboni wakuti chinthu n'chotetezeka.

Phula limene limawalitsa malalanje a m'masitolo si mankhwala a chuku. Limabwezeretsa phula lachilengedwe limene maburashi anachotsa potsuka, kuti chipatso chisafote, ndipo nthawi zambiri limapangidwa ndi carnauba wochokera ku masamba a mgwalangwa wa ku Brazil kapena shellac wochokera ku tizilombo ta ku India ndi ku Thailand. Pa manachesi phula lokhuthala limatsekereza mpweya ndipo chipatso chimayamba kukoma ngati chasasa. Inu amene simutsuka ndi maburashi simukulifuna, ndipo mafuta ophikira kapena mafuta odzola asalowe m'malo mwake.

Chimene ndikukupemphani mwamphamvu n'chakuti gulu lanu lisatengere chizolowezi chimene chimaoneka pa tomato, chowaza Dithane pa zokolola zimene zikupita kumsika. Mancozeb, amene ali mu Dithane, ndi wa kumunda, ali ndi masiku ake odikira musanakolole, sanapangidwe kuti aziviikiramo zipatso zothyola, ndipo mu 2020 European Union inamuchotsa pa mndandanda wa mankhwala ololedwa. Actellic ndi mapiritsi ofukizira chimanga ndi a tizilombo touluka ndi tokwawa. Chuku sachikhudza n'komwe, pamene munthu akhoza kumupha. Kuno kwathu mankhwala aliwonse ophera tizilombo amayenera kukhala olembetsedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo chizindikiro cha pa botolo chimanena mbewu ndi ntchito imene analoledwa. Botolo lobwera m'chikwama kuchokera kunja, lopanda chizindikiro kapena lothiridwa m'botolo la chakumwa, libwezeni kwa mwini wake ngakhale atalitamanda chotani.

Popeza soda amangochotsa gawo la vuto, gawo lotsalalo liyenera kuchotsedwa kumunda, ndipo pa manachesi gawo limeneli ndilo lalikulu. Thyolani ndi sizasi, kudula pafupi kwambiri ndi chipatso kuti kamtengo kotsalako kasabaye zinzake, ndipo othyola awenge zikhadabo. Dikirani mame aume, chifukwa khungu lonyowa ndi lokhuta madzi limaphulika timatumba ta mafuta likangofinyidwa, n'kusiya mawanga amene pambuyo pake amada. Musagwedeze mtengo, ndipo zipatso zogwa zokha muzizitola kawirikawiri n'kuzikwirira, popeza ndizo zimaweta chuku ndi ntchentche za zipatso. Matumba a chimanga osokedwa pakamwa, amene wina amakhalapo pamwamba pa lole, amaononga zipatso zambiri kuposa zimene mankhwala alionse angapulumutse. Kireti ya pulasitiki yosadzaza mopitirira ndi yodula tsiku logula lokha. Kumbukiraninso kuti zipatso za mtundu uwu sizionjezera kutsekemera zikachoka mumtengo, choncho kuthyola zosakhwima kuti zikhalitse n'kungodzionongera msika. Malalanje a Valencia amatha kudikira mumtengo kwa nthawi ndithu, ndipo kwa amene ali nawo mtengowo ndiwo nkhokwe yotsika mtengo, pamene manachesi akachedwa khungu limatukumuka n'kulekana ndi mnofu.

Kuzizira ndiko kumatalikitsa masiku kuposa china chilichonse. Malalanje amasungika bwino pa madigiri 3 mpaka 8, manachesi pafupi ndi 5, koma mandimu ndi manyumwa amafuna 10 mpaka 13 chifukwa akazizidwa kwambiri khungu limachita maenje. Mpweya uyenera kukhala wa chinyontho chochuluka, cha 90 peresenti kapena kuposerapo, koma zipatso zisanyowe. Popanda chipinda chozizira cha magetsi, mwayi wanu ndi wakuti manachesi amapsa m'nyengo yozizira: nyumba yofolera ndi udzu, ya mazenera otsegula usiku, yosesedwa ndi kutsukidwa ndi klorini nyengo isanayambe, imasiyana kutali ndi chipinda cha malata. Makireti akhale pa matabwa, osagunda khoma, ndipo wina azidutsamo masiku awiri alionse kuchotsa chipatso chimene chayamba kufewa chisanabiriwire. Pochichotsa achiike m'pepala la pulasitiki pomwepo, osadutsa nacho poyera m'nyumba monse.

Musanaviike zokolola za gulu lonse, yesani kaye pa zanu, chifukwa mtundu wa manachesi a ku Mwanza, madzi anu ndi nyumba yanu si za ku Valencia. Tengani zipatso 300 za tsiku limodzi ndi munda umodzi, zothyola ndi sizasi, muzigawe patatu mosasankha. Gawo loyamba musalichite kanthu, lachiwiri mulitsuke m'klorini yekha, lachitatu m'klorini kenako mu soda wofunda. Ziikeni m'nyumba imodzi, ndipo pa tsiku la 7, la 14 ndi la 21 muwerenge zoola, mulembe mtundu wa kuolako, muyeze kulemera kwa kireti iliyonse kuti muone kufota, ndipo mulawe. Ngati mungathe, onjezerani gawo lachinayi la zipatso zothyola mokoka, kuti mamembala aone ndi maso awo kusiyana kumene sizasi imabweretsa. Zoola zambiri zikakhala zobiriwira kapena zabuluu, limbikirani pa mabala, pa ukhondo wa nyumba ndi pa kuviika tsiku lomwelo. Zikakhala zosungunuka ndi zonunkha mowawasa, vuto likuchokera kudothi ndi kukupsa mopitirira, choncho siyani zipatso za nthambi zokhudza pansi ndipo muthyole msangako. Kuola kukayambira pamene panali kamtengo n'kumatsikira m'kati, amenewo ndi matenda ena ochokera ku nthambi zouma za mumtengo, ofunika kudulira mitengo, ndipo zipatso zoterozo mupite nazo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena kumalo a kafukufuku a Bvumbwe ku Thyolo, pamodzi ndi kope limene munalembamo ziwerengero zanu.